Kadontho Kotuwa

Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikusanja mavoti
m'kachipinda kanga pamwamba pa phiri la Barón,
momwe mphepo ya kudoko imalowera pa ming'alu ya zenera
itasenza fungo la dizilo ndi nsomba.
Kumunsi uko, Nyumba ya Malamulo ya ku Valparaíso
yaima ndi chibowo chake pakati
ngati khomo limene mmisiri anaiwala kuikapo chitseko.

Phungu aliyense ndamusandutsa kadontho.
Wovomera, kobiriwira. Wokana, kofiira.
Wojomba, kotuwa.
Ukakoka kamzere ka m'munsi zaka zimayenda,
timadontho n'kuyamba piringupiringu ngati nyerere pa shuga,
tina kuunjikana kumanzere, tina kumanja,
tina kusamuka usiku osatsanzika.
Ovota mofanana ndawamanga ndi ulusi,
ndipo ulusi wina ndi wonenepa
kuposa momwe eni ake angavomerere pa wailesi.

Lamulungu bambo anakwera kudzandiona,
masitepe zana ndi makumi atatu, akupumira m'njira.
Moyo wawo wonse anasenza matumba padoko,
zala zinachita kuuma ngati zingwe za sitima,
moti galasi la tabuleti limakana kuzimva.
Ananyowetsa chala ndi malovu
monga amachitira potsegula nyuzipepala.

"Ximena, tandipezere Don Evaristo."

Anamuvotera kanayi.
Munthuyo anabwera pa maliro a mayi,
anagwira bambo paphewa, anadya nafe empanada ataimirira,
anawatchula dzina osafunsa aliyense.

Ndinalemba dzinalo.
Timadontho tonse tinazilala, kanatsala kamodzi.
Bilu ya penshoni ya antchito a padoko: kotuwa.
Ya chipukutamisozi cha ovulala msana: kotuwa.
Yochepetsa msonkho wa eni sitima,
yomwe anaivotera pakati pa usiku: kobiriwira,
kobiriwira ngati msipu wa mvula yoyamba.

"Mwina anadwala," anatero bambo.
Ndikanatha kungokhala chete.
Koma chala changa chinali chitadina kale:
tsiku la penshoni lomwelo, dzuwa litapendeka,
analimo m'nyumbamo, wathanzi,
akuvotera dzina la mlatho.

Kunja galu anauwa, chikepe cha paphiri chinalira zitsulo.
Tiyi anazizira.

Amati lilime lilibe fupa.
Batani lovotera lili nalo,
ndipo ine ndi amene ndinalitola fupalo, n'kulitsuka,
n'kuliika patebulo pamaso pa bambo anga
ngati mphatso.

Anatambasula zala ziwiri pagalasi monga ndinawaphunzitsira,
kadontho kanakula, kanakula, mpaka kanadzaza ponse,
chifunga chokhachokha.
"Nkhope yake ili kuti?"
"Sindinaike nkhope."
"Ukanaika. Amaseka bwino munthu ameneyu."

Mtundu wotuwawo ndinausankha ndekha, usiku wina wa chisanu,
poti sumapweteka m'maso.
Ndinkati kujomba ndi malo opanda kanthu.
Sindinkadziwa kuti kumalemera makilogalamu makumi asanu,
kuti kumakhala m'chiuno mwa munthu
n'kumamudzutsa tambala asanalire.

Atavala chipewa anabwereranso patebulo.
"Nanga ine ndili pati pamenepa?"
Ndinati ovota mulibemo, bambo,
ichi n'chithunzi cha aphungu okha.
Anagwedeza mutu ngati wamva mtengo wa buledi,
kenaka anatsindika chala chachikulu pakati pa galasi,
nthawi yaitali ndithu,
monga ankasainira malipiro asanadziwe kulemba.

Anatsika okha, anakana kuperekezedwa.

Lero ndi Lachinayi, galasi sindinalipukute.
Chidindo cha chala chawo chikadali pomwepo,
mizere yozungulira, kamafuta pang'ono, chipsera chodutsa pakati.
Ndikoke kamzere kupita m'mbuyo, ndikoke kupita kutsogolo,
aphungu amadutsa pansi pake ali piringupiringu,
ofiira, obiriwira, otuwa,
icho osasuntha.

Mawa ndikapereka ntchitoyi kwa akonzi.
Adzandifunsa ngati manambala onse alimo.
Ndidzati alimo.